Tikudziwa Joni kuposa Likoma: kwerani Ilala mukalawe kaye

Muimitseni mnyamata aliyense pa Jenda kapena pa depoti ya pa Mzimba boma, mumufunse njira ya ku Joni. Akuyankhani mosajejema. Akuuzani za Tete, za Nyamapanda, za Harare, za mzere wautali wa pa Beitbridge, mpaka pomwe mukatsikire ku Park Station. Mwinanso iyeyo sanapondeko n'komwe, koma njirayo anaiyamwira kubere, chifukwa kwathu kuno kuyambira nthawi ya Wenela, mawu oti ulendo amatanthauza kupita kukasaka ndalama kumwera. Ndiye mumufunse mnyamata yemweyo kuti Ruarwe ili kuti. Angokuyang'anani, kenako n'kufunsa kuti, "Ndi ku Tanzania eti?"

Sindikunyoza opita ku Joni ayi. Nyumba zambiri za malata ku Embangweni, ku Edingeni ndi ku Mabulabo zinamangidwa ndi ma rand, ndipo ana ambiri akuphunzira ndi thukuta la kumeneko. Nkhani yanga ndi ina. Mzimba ndi boma lalikulu kuposa maboma onse m'Malawi muno, koma lilibe ngakhale kachidutswa ka gombe la nyanja. Nyanja ili kuseri kwa mapiri a Viphya, ulendo wa tsiku limodzi basi, koma ambiri a ife timaidziwira pa TikTok ndi pa mbale ya usipa. Maganizo anga ndi awa: wachinyamata amene ali ndi ndalama zochepa koma akufuna kulidziwa dziko lake asayambe ndi kubwereka chipinda pa loji yomwe anangoiona pa foni. Ayambe wakwera Ilala, aone madoko angapo pa tikiti imodzi, kenako adzabwerere komwe mtima wake wakakamira.

Kunja kuli ulendo womwe amautcha cruise. Mumakwera chisitima cha pamadzi chomwe chili ngati hotela yoyenda. Kugona ndi momwemo, kudya ndi momwemo, ndipo kukacha mumapezeka muli pa doko lina. Abale athu ena a ku South Africa anazionapo za kampani ya MSC, zomwe nyengo yotentha zimanyamuka ku Durban kupita ku Portuguese Island ndi ku Pomene, m'dziko la Mozambique. Zina ndi zazikulu koopsa. Icon of the Seas, yomwe inayamba kuyenda mu Januwale 2024, imatha kunyamula alendo oposa 7,000. Ena amakwera kuti akangodya ndi kuvina. Koma ochenjera amazikwera ngati mmene timachitira pamsika, mayi wogulitsa mtedza akati "lawani kaye". Amatsika pa doko lililonse kwa maola ochepa, n'kumasunga mumtima kuti pano ndidzabweranso ndidzakhale sabata, apo ayi, ndaonapo basi.

Ifenso tili nayo yathu, ngakhale ilibe damu losambiramo kapena woimba piyano. Ilala inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow, m'dziko la Scotland. Anaibweretsa zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, n'kudzailumikiza kunyanja konkuno, ndipo inayamba ntchito mu 1951. M'litali ndi mamita pafupifupi 52. Sinapangidwire anthu okaona malo. Ndi basi, ndi lole, ndi msika, zonse pamodzi. Mumakwera limodzi ndi matumba a chimanga, simenti, malata, makreti a zakumwa, nkhuku, njinga zamoto ndi mitolo ya usipa wouma. Pansi pali malo otchipa omwe amadzaza kwambiri, pakati pali ena apakatikati, pamwamba pali malo a mphepo komwe anthu amayala matiresi n'kugona akuona nyenyezi, ndipo palinso tizipinda tochepa ta omwe thumba lawo likulemera. Chinthu chomwe chikuifananiza ndi zisitima za ku Durban zija ndi chimodzi chokha, koma ndicho chofunikacho: imaima malo ambiri pa ulendo umodzi, ndipo ena mwa malowo simungawafike ndi minibasi.

Kwa ife a ku Mzimba, khomo lake ndi Nkhata Bay. Kuchoka pa boma kapena pa Jenda mumatsata msewu wa M1 kudutsa m'nkhalango ya Chikangawa mpaka Mzuzu, kenako n'kutsetsereka makilomita pafupifupi 50 kukafika kunyanja. Pa ndandanda yomwe yakhala ikutsatidwa kwa zaka zambiri, sitimayi imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, n'kufika ku Likoma Loweruka, ndipo Lamulungu m'mawa imachoka pa Nkhata Bay kulowera kumpoto. Imaima pa Usisya, Ruarwe, Tcharo ndi Mlowe, n'kukafika ku Chilumba madzulo. Usiku womwewo imatembenuka, ndipo Lolemba masana ili pa Nkhata Bay kachiwiri. Taonani bwino pamenepa. Munthu akhoza kuchoka ku Mzimba Loweruka, n'kuona madoko asanu m'maboma atatu, Nkhata Bay, Rumphi ndi Karonga, n'kukhala ali kunyumba Lachiwiri. Ndandanda imasintha, ndiye funsani ku ofesi ya pa doko musananyamuke. Paja safunsa anadya phula.

Mbali imeneyi ya nyanja ndi yomwe anthu ambiri sanaione, chifukwa mapiri amagwera m'madzi mwachindunji, osasiya mpata wa msewu. Chakumeneku ndi komwe nyanja ili yakuya kwambiri, mamita pafupifupi 700. Nthawi zina mumaona ngati utsi wakuda ukufuka pakati pa madzi, mumayesa kuti china chake chikupsa, pomwe ndi nkhungu, tizilombo touluka tomwe anthu a m'mbali mwa nyanja amagwira n'kupanga ndiwo. Ku Usisya msewu ulipo wochokera ku Mzuzu, koma ndi wa zigwembe ndi zitunda. Ku Ruarwe kulibiretu msewu wa galimoto, mumafikako pa boti kapena wapansi. M'malo ngati amenewa sitima imaima patali pang'ono ndi gombe, ndipo maboti ake ang'onoang'ono ndi omwe amatuta anthu ndi katundu. Tsiku la sitima mudzi wonse umakhala pa mchenga. Ana amapalasa mabwato kuzungulira sitima, amayi amagulitsa nthochi ndi nsomba, wina akulandira malata a nyumba yake, wina akutsanzikana ndi mwana wopita kusukulu.

Malo omwe ine anandigwira mtima ndi Mlowe, ndipo chifukwa chake ndi cha kwathu. Mtsinje wa South Rukuru umayambira kumwera kwa boma lathu lomwe lino, umalandira madzi a mtsinje wa Mzimba, n'kuyenda ulendo wonse kudutsa ku Rumphi, ndipo umakathira m'nyanja cha ku Mlowe. Ndiye kuti madzi omwe ng'ombe zathu zimamwa, omwe amayi athu amathirira dimba la tomato ndi anyezi, mathero ake ndi pamenepo. Tinaphunzira zimenezi ku pulayimale pa mapu, koma kuziona ndi maso utaima pamwamba pa sitima n'kwina. Mitengo yomwe tikuotcha makala kumtunda kuno, dothi lake limakatsikira kumeneko. Munthu amabwerako akuuona mtsinje wa kwawo mwa mtundu wina.

Mukafika ku Chilumba n'kuona kuti mtima ukukoka, Livingstonia ili pafupi. Mumabwerera pang'ono pa M1 mpaka Chitimba, n'kukwera msewu wa Gorodi wa makona 20, ndipo chapamwamba pake mupeza mathithi a Manchewe. Apa mbiri ya sitimayi imakumananso ndi ya kwathu. Ilala ya lero inatenga dzina kwa Ilala yoyamba, yomwe amishoni a ku Scotland, mmodzi mwa iwo Robert Laws, analowa nayo m'nyanja mu Okutobala 1875, anthu mazanamazana ataisenza zidutswa kulambalala mathithi a mtsinje wa Shire. Dzinalo ndi la dera la ku Zambia komwe David Livingstone anafera mu 1873. Mishoni yomweyo inachoka ku Cape Maclear kupita ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1882 William Koyi anakhazikika ku Njuyu, m'dziko la Inkosi M'mbelwa. Laws anakatsegula Livingstonia ya pa Khondowe mu 1894, ndipo Donald Fraser anayambitsa Loudon, Embangweni yathu ija, mu 1902. Ngati munabadwira pa chipatala cha Embangweni kapena kuphunzira pa sukulu za pamenepo, dziwani kuti nkhani yanu inabwera pamadzi.

Amene ali ndi masiku ochulukirapo akhoza kupitiriza ndi sitima yomweyo Lolemba usiku kupita ku Chizumulu ndi Likoma. Zilumba ziwirizi ndi za Malawi koma zili m'madzi a Mozambique, moti mapiri omwe mumawaona kutsidya ndi a chigawo cha Niassa. Likoma ndi kachilumba ka makilomita 18 okha mukaphatikiza malo ake onse, kodzaza ndi milambe, koma pali tchalitchi chachikulu cha St Peter's cha mpingo wa Anglican, chomwe anayamba kumanga mu 1903 n'kuchipatula mu 1911. Malo omwe chinamangidwa amatchedwa Chipyela, chifukwa kale ankaotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Pa Likoma sitima imakhalitsa maola angapo ikutsitsa ndi kukweza katundu, ndipo nthawi zambiri mpata wokaona tchalitchicho umapezeka. Mukapitiriza mukafika ku Monkey Bay Lachitatu, n'kubwerera pa basi kudzera ku Lilongwe ndi Kasungu mpaka pa Jenda.

N'chifukwa chiyani ndikuti kulawa kaye? Chifukwa cha ndalama, aise. Kwacha yathu mukuidziwa mmene ilili. Wogwira ntchito mu shopu pa boma, mphunzitsi wongoyamba kumene, wa kabaza wa njinga yamoto, ngati angakwanitse ulendo wokapuma ndiye kuti ndi umodzi pa chaka, mwinanso pa zaka ziwiri. Ulendo umodzi umenewo suyenera kuseweredwa njuga. Chithunzi cha pa Instagram chimakuonetsani mchenga woyera ndi dzuwa likulowa, koma sichikuuzani kuti kuchoka pa gombe kukafika pogona ndi mtunda wautali bwanji, kuti nsima ya kondowole mukaikwanitsa kapena ayi, kuti netiweki ikugwira, kuti anthu ake amalandira bwanji mlendo wolankhula Chitumbuka cha kumtunda. Wojambula amajambula zomwe akufuna mugule. Maso anu pa ola limodzi amaona zambiri kuposa mavidiyo makumi asanu omwe angokutherani bandulo.

Komanso anthu timasiyana. Wina akaona Ruarwe, kopanda galimoto ndi phokoso, amati ndafika kumwamba. Mnzake wakhala naye pa benchi imodzi amati kuno tsiku limodzi lokha ndikhoza kupenga. Wina akufuna nyimbo ndi anthu, ameneyo Nkhata Bay yomweyo yamukwanira. Wina akufuna mbiri yakale, ameneyo ndi wa Likoma kapena Livingstonia. Palibe angakusankhireni. Sitima imangokuikirani mbale zonse patsogolo.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna timvetsane, chifukwa kulawa si kudya. Amene waima pa Usisya ola limodzi n'kujambula selfie asabwere kudzatiuza kuti akuidziwa Usisya. Waona chikuto chokha. Ndipo kwa eni mudzi, mlendo wotereyu ndi mame, dzuwa likangotuluka wakamuka osasiya kanthu. Vuto limeneli lawawawa anthu ngakhale kumayiko olemera. Mu Ogasiti 2021 boma la Italy linaletsa zisitima zikuluzikulu kulowa pakati pa mzinda wa Venice, ndipo mu Epulo 2024 mzindawo unayamba kulipiritsa ma euro 5 kwa alendo obwera tsiku limodzi pa masiku ena otanganidwa. Limodzi mwa madandaulo a eni mzinda linali loti anthu amatsika chigulu, kudzaza misewu, kujambula, n'kubwerera kukadya ndi kukagona m'sitima mwawo. Ife sitinafike pamenepo, koma phunziro ndi lomwelo. Ndalama imatsala pamudzi pamene mlendo wagona, wadya batala wa mayi wa pa gombe, walipira mnyamata womuperekeza ku mathithi, wakwera boti la msodzi. Ulendo woyamba ndi wanu. Wachiwiri ndi womwe umapindulitsanso eni ake.

Ndiye mukakwera, kwerani ngati munthu amene akukasankha. Musakhale pamwamba pokha mutavala mahedifoni. Tsikani pansi, khalani ndi omwe akupita kwawo. Moni wa "monire" kapena wa Chitonga woti "mweuli" amatsegula pakamwa pa munthu. Funsani kuti kwanuko mlendo amagona kuti, chakudya amagula kuti, mwezi wabwino kubwera ndi uti, sitima ikapanda kubwera anthu amatuluka bwanji. Tengani manambala. Lembani mu foni zomwe mwaona pa doko lililonse nthawi yomweyo, chifukwa pofika Lolemba madoko onse amakhala asakanikirana m'mutu. Nyamulani power bank, ndalama zina m'thumba chifukwa Airtel Money ndi Mpamba zimadalira netiweki, juzi ya usiku, ndi pepala la pulasitiki lotetezera foni potsikira m'boti. Ife a kumtunda tisaiwalenso kuti kunyanja udzudzu ndi wambiri, ndipo kusamba m'madzi oima a m'mabango n'kuitana likodzo.

Ndikudziwa zomwe ena mukunena m'mitima: zokaona malo ndi za azungu, ife tikusaka ya ufa. N'zoona kuti pali mabanja omwe nkhani iyi si yawo chaka chino, ndipo sindikuuza munthu kuti agulitse feteleza kuti akaone Likoma. Koma tisanamizane. Disembala aliyense timaona ndalama zomwe zimathera m'mabala a pa boma ndi pa Jenda anyamata akabwera kuchokera ku Joni. Timaona zomwe zimalowa m'kubetcha mpira pa foni sabata ndi sabata. Timasonkha za yunifolomu ya ukwati yovala tsiku limodzi. Anthu asanu atapanga chipereganyu kapena kuika pang'onopang'ono ku banki m'khonde kwa miyezi ingapo, tikiti ya malo otchipa ndi thiransipoti ya ku Nkhata Bay si zinthu zosatheka. Chomwe chikusowa kwa ambiri si ndalama yokha, koma kuganizako kumene kuti nafenso tikhoza kuyenda popanda maliro, ukwati kapena kusaka ganyu.

Ena mukuopa madzi, ndipo mantha amenewo sindingawaseke. Nyanja iyi si dziwe. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya inamira kufupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Inali nyengo ya mwera, mphepo yamphamvu yochokera kumwera yomwe imawomba kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Ilala inabwera pambuyo pa ngozi imeneyo ndipo yadutsa m'miyera ya zaka zoposa 70, komabe kwa woyamba kumene ndi bwino kupewa miyezi imeneyi, pokhapokha ngati mukufuna kuuona m'mimba mwanu mmene mulili. Mwera ukatha nyanja imadekhako. Dziwaninso kuti sitimayi imachedwa, nthawi zina maola ambiri, chifukwa kutsitsa matumba a simenti ndi kaboti si ntchito ya mphindi zisanu. Nthawi zina imaimitsidwa kuti ikonzedwe. Ngati Lachiwiri m'mawa muli ndi intavyu, musakwere. Ulendowu ndi wa odekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali chifukwa china chomwe ndikufunira kuti achinyamata a kumtunda tikwere sitimayi. Sitima yopangidwa mu 1949 singakhale mpaka kalekale. Kwa ife Ilala ikaima ndiye kuti tchuthi chalephereka, koma kwa munthu wa ku Ruarwe, Tcharo kapena Chizumulu ndiye kuti ufa wakwera mtengo, wodwala akwera kaboti kakang'ono pa mafunde, usipa wake sufika ku Mzuzu. Anthu amenewa ndi ochepa ndipo mawu awo samveka kutali. Nkhani ya mayendedwe a panyanja imangotuluka pakachitika ngozi kapena nthawi ya kampeni. Koma wachinyamata wa ku Champhira kapena ku Khosolo amene anaona ndi maso gogo akunyamulidwa kuchoka m'boti kukwezedwa pa makwerero a sitima mafunde akumenya, ameneyo sangakhale chete nkhani ya madoko ndi sitima yatsopano ikamakambidwa. Ndipo kwa oyendetsa za maulendo a panyanja ndi a zokopa alendo, pempho langa ndi laling'ono: ikani ndandanda ndi mitengo pamalo pomwe munthu angazipeze pa foni, ndipo zikasintha tiuzeni msanga. Mlendo wa m'dziko momwemuno amabwera mvula ndi dzuwa, safuna viza, ndipo akakonda malo amabwera ndi anzake.

Pa sitima pomwepo mukapezanso mwayi woitanira ena kwathu. Mnyamata wa ku Likoma mwina sanaonepo ingoma ikuvinidwa pa Umthetho pansi pa phiri la Hora mu Ogasiti, sanamvepo kuzizira kwa ku Luwawa, sanalowepo m'tchalitchi cha njerwa cha pa Embangweni. Mukampatsa nambala yanu, iyenso adzalawa zathu.

Choncho mu gulu lanu lija la pa WhatsApp, lomwe mumangotumizirana ma sticker ndi zotsatira za mpira, wina aponyemo funso lero: Lamulungu liti? Imbani pa doko, mumve ngati sitima ikuyenda ndiponso mtengo wake. Pitani mukaone madoko asanu aja. Pobwerera, mu minibasi yokwera mtunda wa ku Mzuzu, aliyense atchule malo amodzi omwe akufuna kudzagonako masiku atatu. Mukatsutsana ndithu, ndipo mkangano umenewo ndiwo ukasankhe ulendo wa chaka chamawa.